Mbiri ya Marcellin Champagnat Woyera ndi Kasukulu ka ku La Valla

Pa 6 Juni Eklezia akumbukira Marcellin Champagnat Woyera, wansembe wa ku France amene anayambitsa chipani cha Abale Ang'ono a Maria, ndiwo amene kuno tiwatcha Abulazala a Marist. Ambiri a inu mwamva za sukulu zao zazikuru za ku Mtendere, ku Likuni ndi ku Zomba. Koma chiyambi chache cha nchito yonseyo chinali kasukulu ka pamudzi, m'kanyumba kogula ndi ndarama za ngongole, ndi anyamata awiri amene wamkuru wa iwo anali atangoyamba kumene kudziwa kuwerenga.

Marcellin anabadwa pa 20 Meyi 1789 pa kamudzi ka Le Rosey, m'parishi ya Marlhes, dziko la mapiri ndi lozizira, kumwera kwa mzinda wa Saint-Étienne. Anali wachisanu ndi chinai mwa ana khumi. Atate ache, Jean-Baptiste Champagnat, anali mlimi wokhala ndi mphero yoperera tirigu, munthu wodziwa kulemba ndi kuweruza milandu. Amache, Marie Chirat, anali mai wa mapemphero ndi wosalekerera ana. Chaka chomwecho anthu a ku France anaukira mfumu yao, ndipo chipolowe chimene chinayamba pamenepo chinagwedeza dziko lonse zaka zambiri. Mfumu inaphedwa m'chaka cha 1793, matchalitchi ambiri anatsekedwa, ansembe ena anaphedwa, ena nathawa, ena nabisala m'nyumba za akristu. Atate ache a Marcellin analandira udindo m'Boma latsopanolo, komabe anasunga m'nyumba mwao mlongo wao Louise, sisteri wopitikitsidwa ku nyumba ya chipani chache. Ndipo mai ameneyo pamodzi ndi amache ndiwo anaphunzitsa mwanayo mapemphero.

Sukulu za m'midzi nazo zinagwa, pakuti zambiri zinali m'manja mwa Eklezia. Zimene zinatsala zinagwidwa kawirikawiri ndi anthu osaphunzira uphunzitsi, ena asilikari akale, ena oyendayenda ofuna pogona m'nyengo ya chisanu, ndipo chida chao chachikuru chinali ndodo. Marcellin anatumidwa ku sukulu ya kwao. Tsiku loyamba lomwe mphunzitsi anamuitana adze kutsogolo awerenge. Koma iye, pokhala mwana wamanyazi, anachedwa kunyamuka, ndipo mnzache wina wachangu anamdumphira, naima pamalo pache. Mphunzitsi anampanda mwanayo khofi lamphamvu, nambweza kumbuyo alikulira. Marcellin ataona ichi anatsimikiza mumtima kuti sadzabweranso kwa munthu wopanda chilungamo wotere, ndipo a kwao anayesa kumnyengerera, koma analephera. Sitinena kuti mwana achita bwino kuthawa sukulu, iai. Marcellin mwini wache anasauka nako kuthawako zaka zambiri, monga tidzaona. Koma taonani, khofi lija linagwa pa mwana wina, ndipo amene sukulu inamtaya nalo ndiye woonerera.

Chinthu china chimene sanachiiwala chinachitika pa katekisimu. Wansembe wina, potopa ndi mnyamata wosakhazikika, anampatsa dzina lachipongwe pamaso pa anzache. Potuluka ana onse anamzinga naimba dzinalo, ndipo linamkanirira kotero kuti mnyamatayo anasanduka wokwiya ndi wothawa anthu. Atakula Marcellin ankasimbira Abulazala ache nkhani iyi, nawaletsa ndithu kutcha ana maina onyoza.

Tsono anakhala pakhomo, natsata atate ache ku munda ndi ku mphero, naphunzira kupala matabwa ndi kumanga ndi miyala. Anampatsa ana a nkhosa awiri kapena atatu. Iye anawaweta, nagulitsa, nagulanso ena, kufikira anasunga mafranki 600. Ali ndi zaka 14 kunafika wansembe wofuna anyamata a ku seminale, pakuti chipolowe chija chinasiya maparishi ambiri opanda abusa. Wansembeyo anacheza naye payekha, namuuza kuti Mulungu amfuna akhale wansembe, ndipo Marcellin anabvomera. Apa mpamene kuthawa sukulu kuja kunamluma. Pakhomo ankalankhula chinenero cha kumapiri, ndipo Chifalansa cha m'mabuku sanachidziwa bwino. Atate ache anamwalira m'chaka cha 1804. Mlamu wache Benoît Arnaud, mphunzitsi wa ku Saint-Sauveur, anamphunzitsa miyezi yambiri, nambweza ndi mau akuti alibe mutu wa mabuku, kuli bwino abwerere ku nkhosa zache. Amache sanataya mtima: anayenda naye pansi ulendo wa mapemphero kunka ku La Louvesc, ku manda a Jean-François Régis Woyera, ndipo pobwera anamkonzera akatundu. Zobvala anagula yekha ndi ndarama za nkhosa zija.

Analowa seminale yaing'ono ya ku Verrières m'chaka cha 1805, ali ndi zaka 16, mnyamata wamtali pakati pa tiana timene tinamseka pomva kuwerenga kwache. Pakutha chaka anamuuza kuti asabwerenso, ndipo anambwezera malo chifukwa cha kupembedza kwa amache ndi kwa bambo mfumu wa kwao. Sitibisa kuti panali nthawi imene anatsata kagulu ka anyamata okonda kuseka ndi kucheza ku nyumba zomwera vinyo. Koma anadzigwira, nayamba kuwerenga usiku pa kanyali anzache ali m'tulo. Amache anamwalira m'chaka cha 1810 asanamuone pa guwa.

M'chaka cha 1813 anapita ku seminale yaikuru ya ku Lyon, kumene anaphunzira pamodzi ndi Jean-Marie Vianney, amene pambuyo pache anakhala bambo mfumu woyera wa ku Ars, nayenso wobvutika ndi mabuku. Kumeneko anyamata ena anapangana kuti adzayambe chipani cha Maria, cha ansembe, asisteri ndi akristu eni ache. Marcellin analowa upo umenewo, koma pa msonkhano uli wonse anabwereza chinthu chimodzi, kuti pafunikanso Abulazala ophunzitsa ana a m'midzi. Ndipo anzache, atatopa nako kubwerezako, anamuuza kuti popeza maganizowo ngache, nchitoyo aisenze yekha. Anadzozedwa unsembe pa 22 Julayi 1816, ndipo m'mawa mwache khumi ndi awiri a iwo anakwera ku tchalitchi cha Amai Maria cha pa phiri la Fourvière, napereka lonjezo lao.

Mwezi wotsatira anamtuma ku La Valla akhale wansembe wothandiza. Parishi imeneyo iri pa matsitso a phiri la Pilat, pamwamba pa mzinda wa Saint-Chamond. Anthu ache, oposa 2,000, anabalalika m'timidzi tambirimbiri ta m'zigwa ndi pa zitunda, tina ulendo wa maora awiri kuchoka ku tchalitchi. Anali alimi aumphawi, ndipo ana ao ambiri anakula osaona buku. Wansembe watsopanoyo anayamba ndi katekisimu wa m'mamawa, nawakoka ana ndi nkhani ndi mafanizo, kotero kuti akuru omwe ankaima kumbuyo kumvetsera. Odwala anawayendera usana ndi usiku, pamvula ndi pachisanu.

Mwambo wa chipani chache uika pa 28 Okutobala 1816 chinthu chimene chinamfulumiza. Anaitanidwa ku kamudzi ka kutali ka pamwamba pa phiri, kwa mnyamata wa zaka ngati 17 amene analikufa, dzina lache Jean-Baptiste Montagne. Pofuna kumlapitsa anayamba kumfunsa za Mulungu, napeza kuti mnyamatayo sadziwa kanthu, ngakhale zoyamba zimene mwana wa kalasi yaing'ono adziwa. Anakhala pambali pa kama wache maora awiri, namphunzitsa monga anatha, namlapitsa. Ndipo anatuluka kukaona wodwala wina pafupi, koma pobwera anapeza makolo alikulira maliro. Mnyamatayo anabadwa m'dziko la akristu, nabatizidwa ali khanda, ndipo m'zaka zonsezo panalibe munthu anakhala naye pansi kumphunzitsa. Potsika phiri wansembeyo analingalira za ana ena osawerengeka okhala chomwecho, natsimikiza kuti sadzalindanso.

Anali atadziwana kale ndi Jean-Marie Granjon, wa zaka 22, amene anakhalapo msilikari wa Napoleon. Ameneyu anadza usiku wina kudzamuitanira kwa wodwala, ndipo pocheza m'njira wansembe anamkonda, nampatsa buku la mapemphero. Granjon anafuna kulikana chifukwa sadziwa kuwerenga, koma wansembe anamuuza alitenge, adzaphunziriramo. Wachiwiri anali Jean-Baptiste Audras, wa zaka 14, amene anapempha kulowa kwa Abulazala a De La Salle ku Saint-Chamond, nauzidwa kuti akali mwana. Bambo Champagnat anakongola ndarama, nagula kanyumba kakale pafupi ndi nyumba ya ansembe, nakakonza ndi manja ache, napala yekha makama awiri ndi gome lodyerapo. Pa 2 Januwale 1817 anyamata awiriwo analowa m'kanyumbamo, ndipo tsiku limenelo liwerengedwa kubadwa kwa chipani.

Panalibe sukulu tsiku limenelo, pakuti aphunzitsi eni ache anayenera kuyamba aphunzira. Nthawi yao inagawidwa patatu: kupemphera, kuphunzira ndi nchito ya manja. Nchitoyo inali kusula misomali, ndiyo imene anthu a dziko limenelo ankapezera ndarama m'nyengo ya chisanu. Dzinja likatha analima kamunda. Wansembe ankadza akamaliza nchito za parishi, nawaphunzitsa kuwerenga, kulemba, kuwerengera ndi katekisimu, ndiponso makhalidwe a pa gome ndi kalankhulidwe ndi anthu. Makolo a Audras anatuma mkuru wache, Jean-Claude, akamtenge mng'ono wache abwere naye kumudzi. Koma wotumidwayo atacheza ndi wansembe anatsala komweko, nakhala Bulazala Laurent. Anadzanso Antoine Couturier ndi Barthélemy Badard, ndi kamwana ka zaka khumi, Gabriel Rivat, kamene amache anakapereka m'chaka cha 1818. Kamwana kameneko ndiko kanadzakhala Bulazala François, wolowa m'malo mwa woyambitsa.

Kuti aone ndi maso m'mene sukulu iyendera, bambo Champagnat analemba mphunzitsi wina wodziwa njira ya Abulazala a De La Salle, namkhazika m'nyumba yomweyo, ndipo ana a pamudzi anayamba kudza. Njira yakale ya m'midzi inali yakuti mphunzitsi aitana mwana mmodzi, namwerengetsa m'buku liri lonse limene wabwera nalo, pamene ena onse angokhala, nasewera, nachita phokoso, kufikira ndodo iwatontholetsa. Chotero mwana anaphunzira kamphindi kochepa pa tsiku lathunthu. Njira yatsopano inagawa ana m'magulu monga mwa kudziwa kwao, gulu liri lonse ndi buku limodzimodzi, mmodzi awerenga ena natsata ndi chala, wolakwa nakonzedwa ndi mnzache. Anyamata aja anakhala kumbuyo kupenyerera, pang'ono pang'ono nayamba kuthandiza. Ndipo mphunzitsiyo atachoka, Bulazala Jean-Marie anatenga sukulu, ena natumidwa m'mawa uli wonse ku timidzi ta pafupi, nabwera madzulo.

Posakhalitsa wansembe anaona kuti sangathe kuwalera bwino pokhala iye kwina, iwo kwina. Anasiya tsono nyumba ya ansembe, nasamutsa akatundu ache usiku kuopa pakamwa pa anthu, nakhala nao m'kanyumba kao. Anadya zimene iwo anadya, mkate wakuda, mbatata za kachewere, ndiwo zamasamba ndi madzi akumwa. Ndipo anyamatawo anali a kumudzi ndithu, osadziwa za ulemu wa m'nyumba za akuru, kotero kuti zaka zinai zinapita popanda mmodzi wa iwo kuganiza zomsesera chipinda kapena kumyalira kama. Iye sananena kanthu, nachita yekha. Koma sanafuna kuwalamulira m'zonse: anawauza asankhe okha mkuru wa nyumba mwa iwo eni, ndipo anasankha Jean-Marie. Pa gome lija ankasinthana kuwerenga mokweza, wansembe nakonza mau olakwa. Ankasinthananso kuphika, ndi kuphunzitsa katekisimu pamaso pa anzao, kuti azolowere. Nthawi zina ankaima pobisika kumvetsera m'mene Bulazala aphunzitsira ana, ndipo madzulo namuuza payekha zimene anachita bwino ndi zimene anaphonya.

Mwa onsewo tiyenera kukhalitsa pa Bulazala Laurent, pakuti aphunzitsi athu a ku midzi yakutali adzamzindikira ngati mbale wao. Pamwamba penipeni pa phiri panali mudzi wa Le Bessat, wopanda wansembe wokhala pomwepo, kumene chipale chofewa, chija choyera chonga ufa chimene chigwa m'maiko ozizira, chikwirira njira miyezi yambiri. Laurent anapempha kwa nthawi yaitali kuti amtume kumeneko, ndipo potsiriza analoledwa. Anagona m'nyumba ya mwini mudzi wina, nadziphikira yekha. Kawiri pa tsiku anayenda pakati pa mudzi ndi kabelu m'dzanja, ana natuluka m'nyumba kumtsata, ndipo anawaphunzitsa mapemphero, katekisimu ndi kuwerenga. Pa Lamulungu anasonkhanitsa akuru omwe, natsogolera mapemphero ndi nyimbo. Lachinai liri lonse anatsikira ku La Valla kukaonana ndi abale ache ndi kutenga kamba wa sabata, mkate, mbatata ndi chakudya cha mkaka woumitsa, nakwera nazo m'thumba ulendo wa maora awiri. Tsiku lina bambo Champagnat anamperekeza m'chipale chofika m'maondo, namfunsa ngati nchitoyo simlemera. Ndipo Laurent anayankha kuti sakadaisinthanitsa ndi chuma chiri chonse. Sanali munthu wa nzeru za mabuku, ndipo sanakhala konse mkuru wa chipani. Koma anthu a ku Le Bessat ankabvula zipewa akamapita.

M'kanyumba ka ku La Valla munalowanso ana amasiye ndi aumphawi, amene anadyetsedwa ndi kubvekedwa popanda kulipira. Ena anamdzudzula wansembe kuti adzagwetsa nyumba ndi pakamwa pambiri potere, koma iye sanaleka. Mmodzi wa anawo anali Jean-Baptiste Berne, wa zaka ngati zisanu ndi zinai, amene amache anafera m'umphawi woopsa bambo Champagnat alikuwasamala. Mwanayo anazolowera kuyendayenda ndi kupemphapempha. Anali wamwano, wosamva, nathawa kangapo. Abulazala atatopa anadza kwa wansembe kupempha kuti amchotse, pakuti alikuononga ana ena ndipo nchito yao pa iye ingopita pachabe. Iye sanawakalipira, koma anawafunsa kumene mwanayo adzapita akamtulutsa, ndi amene adzamuuzanso za Mulungu kumeneko. Nawapempha apirire pang'ono, nampempherere. Anapirira. Mwanayo anafatsa pang'ono pang'ono, nalandira Ukaristia woyamba, ndipo atakula anapempha yekha kulowa chipani. Anatchedwa Bulazala Nilamon, namwalira akali mnyamata m'chaka cha 1830.

Chiphunzitso chache kwa aphunzitsi chinali chachifupi. Anati munthu sangathe kulera ana ngati sawakonda, ndipo awakonde onse mofanana, osakondera wanzeru kapena wa kwa olemera. Ngati pakhala wokonderedwa, akhale wosauka ndi wochedwa kumva. Analetsa kumenya, pa nthawi imene makolo omwe ankayesa ndodo ndiyo mphunzitsi weniweni. Anafuna kuti Bulazala akhale pakati pa ana nthawi yaitali, pa masewera ndi panjira pomwe, pakuti zolakwa zambiri zichitika pamene palibe wamkuru, ndipo kuletsa cholakwa chisanachitike kuposa kulanga. Analowetsa kuimba m'sukulu zache. Ndipo sanalola kuti katekisimu akhale chobisalira cha ulesi: anati kukadakhala kuphunzitsa kuwerenga kokha, Abulazala sakadafunika, ndipo kukadakhala katekisimu yekha, ora limodzi pa tsiku likadakwanira, chofunika ndicho kulera mwana yense, akhale mkristu wabwino ndi munthu wothandiza dziko lache. Ena ayesa kuti sukulu yopanda ndodo ikhala ya chipwirikiti. Koma mphunzitsi wosiya ndodo ayenera kukonza phunziro lache, kufika msanga ndi kudziwa mwana ali yense ndi kwao komwe; njira imeneyi ndiyo yolemetsa mphunzitsi, ndipo chifukwa chache ambiri saikonda.

Mbiri ya kasukuluko inamveka, ndipo maparishi ena anapempha aphunzitsi. M'chaka cha 1818 anatuma awiri kwao ku Marlhes, mmodzi wa iwo Audras uja, tsopano Bulazala Louis, wa zaka 16. Ansembe a kumeneko anakayika poona ubwana wao, koma pasanapite nthawi ana anasanduka, ndi kukayika kunatha. Komabe nyumba imene anawapatsa inali yachinyezi ndi yodwalitsa, ndipo bambo mfumu atazengereza kuikonza, bambo Champagnat anawachotsa Abulazala ache, ngakhale kunali kwao kobadwira. Saint-Sauveur inatsegulidwa m'chaka cha 1820, Bourg-Argental m'chaka cha 1822. Abulazala a De La Salle sankapita ochepera atatu, ndipo mtengo wowasunga unaposa mphamvu ya midzi yaing'ono. Iye anatuma awiri awiri, pa mtengo wochepa, nadzilimira okha ndiwo. Mmodzi yekha sanafuna kumkhazika pa sukulu, pakuti mphunzitsi wopanda mnzache agwa msanga. Ana ambiri ankadza kuyambira pa tsiku la Oyera Onse kufikira Pasaka, napita kukaweta ziweto nyengo yofunda. Chotero miyezi yochepayo inayenera kugwiritsidwa bwino.

Pofika 1822 anyamata ofuna kulowa anatha, ndipo wansembe anadandaulira Amai Maria kuti nchitoyo njao, ikafa ifa yao. M'mwezi wa Malichi anafika anyamata asanu ndi atatu a ku Haute-Loire, otsogozedwa ndi munthu amene anawanyenga kuti apita nao kwa Abulazala a De La Salle. Anawayesa ndi nchito yolimba ya m'munda asanawalandire. Ambiri a iwo anachoka pambuyo pache, koma anatsegula njira ya ku dziko lao, kumene kunachokera ena ambiri. Ndipo mmodzi wa otsalawo, Jean-Baptiste Furet, ndiye anadzalemba mbiri ya woyambitsa. Furet yemweyo anadwala kwambiri ku Bourg-Argental m'Febuluwale 1823, ndipo bambo Champagnat anaoloka phiri pansi kukamuona pamodzi ndi Bulazala Stanislas. Pobwera usiku anasokera m'chipale ndi mphepo, Stanislas nakomoka. Wansembe anagwada napempha Amai Maria, ndipo atayenda pang'ono anaona kuunika: mlimi wina, dzina lache Donnet, anatuluka ndi nyali kukaona ziweto, nadzera panja, ngakhale munali khomo la m'kati lolowera kukhola. Anagona kwa iye, napulumuka.

Adani a nchitoyo sanali akunja okha. Ansembe ena anamtcha wodzikuza ndi wopanda nzeru, woyamba zazikuru alibe ndarama kapena maphunziro. Wachiwiri wa Episkopi, bambo Bochard, anafuna kuphatikiza Abulazala ku chipani chache, naopseza kutseka nyumba. Mpumulo unadza m'chaka cha 1824, pamene Ambuye Gaston de Pins anatenga dayosizi ya Lyon, namdalitsa, namlola kumanga nyumba yaikuru. Anagula malo a matanthwe m'chigwa cha mtsinje wa Gier, ndipo iye ndi Abulazala anaswa thanthwe, nasenza miyala ndi mchenga pothandiza amisiri, napemphera m'kachisi wa matabwa m'nkhalango, belu atalipachika pa mtengo. Ansembe odzacheza anampeza pamwamba pa khoma, mkanjo uli mbuu ndi laimu, ena nanyansidwa nazo. Analowa m'nyumbayo, Notre-Dame de l'Hermitage, m'chaka cha 1825.

Kumapeto kwa chaka chomwecho anagwa m'nthenda yoopsa chifukwa cha maulendo oyendera sukulu, ndipo anthu anayesa kuti afa. Eni ngongole anathamangira kudzalanda nyumba. Bambo Courveille, mnzache wa ku seminale amene anatsala woyang'anira, anazunza Abulazala ndi ukali, kotero kuti ambiri anaganiza zobwerera kwao. Stanislas ndiye anawalimbitsa mmodzi mmodzi, nakadandaula kwa bambo mfumu wa ku Saint-Chamond, amene analipira ngongole zofulumira. Ndipo tsiku lina wodwalayo anadzuka, nalowa m'chipinda cha msonkhano atatsamira pa mkono wa Stanislas, nkhope za onse nizisanduka. M'chaka cha 1826 Courveille anachoka atachita cholakwa chochititsa manyazi. Ndipo chowawa choposa, Jean-Marie Granjon, woyamba uja wa m'kanyumba, anayamba kutsata njira zache za kudzilanga kopitirira, nakana kumvera, nayenso anachoka chaka chomwecho. Mphamvu zache za kale bambo Champagnat sanazipezanso.

M'chaka cha 1829 kunabuka mlandu wa kawerengedwe. Chifalansa sichiwerengedwa monga chilembedwa, monga chichitira chinenero chathu, ndipo maina akale a malemba ankasokoneza ana pophatikiza mau. Iye atafunsa odziwa analamula njira yatsopano yotchula lemba monga limveka m'mau. Abulazala ambiri anakana, pozolowera yakale, naphatikizapo madandaulo a zobvala. Iye anawauza ayese chaka chimodzi, ndipo pambuyo pache sanabwerera m'mbuyo. Awiri anachoka, otsala nagonja, ana nayamba kuwerenga msanga. Munthu amene anasauka ndi malemba ali ndi zaka 16 anadziwa mtengo wache wa miyezi imene mwana ataya pa kuwerenga.

Chimodzi anachifuna osachipeza, ndicho chibvomerezo cha Boma. Lamulo la 1833 linafuna sukulu m'mudzi uli wonse ndi kalata ya uphunzitsi kwa mphunzitsi ali yense, ndipo Abulazala a chipani chosabvomerezedwa anali pangozi yotengedwa usilikari. Anapita ku Paris m'chaka cha 1836, napitanso m'chaka cha 1838, nakhala miyezi yambiri pa makomo a nduna, nabwera chimanjamanja. Chibvomerezocho chinadza m'chaka cha 1851, iye atafa. Koma Papa Gregory XVI anabvomereza ansembe a chipani cha Maria m'chaka cha 1836, nawapatsa zisumbu za ku Oceania, ndipo Abulazala atatu anapita ndi gulu loyamba, m'mene munalinso Pierre Chanel, wofera chipembedzo pa chisumbu cha Futuna.

Nthenda ya m'mimba inamdya pang'ono pang'ono. M'Okutobala 1839 Abulazala anasankha François akhale mtsogoleri wao. Pa 18 Meyi 1840 anawerengetsa mau ache otsiriza, m'mene anapempha chikhululukiro kwa onse amene anawalakwira, nawadandaulira akondane monga akristu oyamba. Anamwalira m'bandakucha wa Loweruka, pa 6 Juni 1840, ali ndi zaka 51, Abulazala alikuimba nyimbo ya Amai Maria m'tchalitchi. Anasiya Abulazala ngati 280, sukulu 48 ndi ana ngati 7,000.

Ana ache anafika ku Cape Town m'chaka cha 1867 ndi ku Canada m'chaka cha 1885; ndipo a ku Canada ndiwo anadza ku Nyasaland m'chaka cha 1946, nayamba ku Mtendere, m'boma la Dedza. Papa Pius XII anamtcha Wodala pa 29 Meyi 1955, ndipo Papa John Paul II anamlemba m'gulu la Oyera pa 18 Epulo 1999. Mafupa ache asungidwa ku Hermitage. Kanyumba ka ku La Valla kakalipo, ndipo alendo aonetsedwa m'menemo gome lija la matabwa limene anapala yekha.